Funsani Tikuyankheni: Ndani akugwetsa masheya a chamba a mwana wanga ku Joni?

Bambo,

Ndine mayi wa ku Domue, m'boma la Angónia. Ndimachita geni ya mbatatesi: ndimapikula kwa alimi, kenako matumba ndimakweza lole kupita nawo ku Tete. Mwana wanga woyamba ali ku Joni, amagwira ntchito pamalo osungira katundu. Zaka zapitazo anandiuza kuti kumaiko a azungu chamba achiloleza, ndipo makampani olima chambacho akugulitsa masheya otsika mtengo amene adzakwera kwambiri. Ndinamutumizira 40,000 meticais, ndalama imene ndinkasungira malata. Iye anaonjezapo yake n'kugula pafoni masheya a kampani ina yaing'ono ya ku Canada. Lero akuti ndalama yanga yatsala yosakwana 7,000. Akuti kampaniyo ilibe vuto, koma pali anthu otchedwa ma short seller amene akugwetsa mtengo dala kuti iwo adyepo. Akutinso nditumize ina tigule ambiri pomwe atsika, chifukwa tsiku likubwera pamene anthuwo adzapanikizika ndipo mtengo udzalumpha. Kodi anthu amenewa ndi ndani? Munthu angapindule bwanji chinthu chikamatsika mtengo? Si kuba kumeneku? Nanga ndalama nditumize?

Mayi wa geni, Domue

Mayi,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo pa malata paja mtima wandipweteka, chifukwa ndikudziwa kuti 40,000 ya mbatatesi imabwera ndi maulendo angati ogona pamwamba pa matumba, mphepo ya mwezi wa June ikulowa m'mafupa. Ndiyamba ndi yankho la funso lanu lomaliza kuti mtima ukhale pansi: musatumize. Zifukwa zake ndi zimene zitenge malo ambiri.

Ntchito ya anthu amene mwana wanu akunenawa si yachilendo kwathu kuno, dzina lokha ndi limene lili lachingerezi. Taganizani mwezi wa February, nkhokwe zambiri zili mbee, thumba la chimanga lili pa 2,000. Munthu wina alibe chimanga, koma akuona kuti m'minda mwabiriwira. Akupita kwa mnansi amene ali ndi nkhokwe yodzadza n'kubwereka matumba khumi, kulonjeza kuti adzabweza matumba khumi omwewo ndi ndowa imodzi yothokoza. Akugulitsa tsiku lomwelo pa msika wa ku Ulongwe, m'thumba mwalowa 20,000. Pofika May anthu akolola, thumba latsika kufika pa 1,000. Akugula matumba khumi ndi 10,000, kubweza kwa mwini wake, yotsalayo ndi yake. Wagulitsa chinthu chimene sichinali chake, wadzagula pambuyo. Pa msika wa masheya amachita chimodzimodzi: amabwereka masheya kudzera kwa broker (mkhalapakati wogulira ndi kugulitsira anthu masheya), amagulitsa, amadikira kuti atsike, amagulanso n'kubweza. Pa nthawi yonse yodikirayo amalipira chiwongoladzanja kwa mwini masheya, ndipo amasiya chikole cha ndalama. Imeneyo ndiyo short selling.

Ndinaonapo ndi maso anga mmene malonda otere amalumira mwini wake. Kumudzi kwathu bambo wina anachita zimenezi chakumapeto kwa 2015. Anabwereka chimanga kwa mlamu wake, nagulitsa, ali ndi chikhulupiriro kuti pokolola adzagula chotchipa. Mukukumbukira ng'amba ya chaka chimenecho. Mu 2016 mtengo sunatsike, unangokwererakwerera. Mlamu uja ana ake atayamba kugona ndi njala anabwera kudzakhala pakhonde, osalankhula zambiri, chipewa chili pabondo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku lachitatu bambo uja anamasula ng'ombe imodzi ya pangolo n'kupita nayo kumsika. Ndinakumana naye panjira akuikoka ndi chingwe, inzake ikulira m'khola. Anagula chimanga pa mtengo umene anaupeza, chifukwa analibe mpata wonenerera. Wogula masheya akaluza, amaluza ndalama imene anaikamo basi. Wogulitsa zobwereka alibe malire a kuluza, chifukwa mtengo ulibe denga.

Apa ndi pamene pagona chiyembekezo cha mwana wanu, ndipo sakunama kuti zoterezi zinachitikapo. Kampani ya chamba ya ku Canada yotchedwa Tilray inalowa pa msika wa Nasdaq ku America mu July 2018, sheya imodzi ili pa madola 17. Masheya amene ankayenda pamsika anali ochepa, ndipo anthu ambiri anabwereka n'kugulitsa poganiza kuti mtengo wakwera mopitirira nzeru. Mtengo unapitirizabe kukwera. Obwereka aja anayamba kuthamangira kugula kuti abweze, ndipo kugula kwawoko kunakwezanso mtengo. Pa 19 September 2018 sheya ija inakhudza madola 300, malonda ake anaimitsidwa kasanu tsiku limodzi. Azungu amati short squeeze. Koma mumufunse mnyamata wanu zimene zinatsatira. Tsiku lomwelo msika usanatseke mtengo unali utabwerera kale cha m'ma 214. Mu February 2021 achinyamata a pa intaneti anaukwezanso kwa masiku ochepa, kenako unagwa pafupifupi ndi theka tsiku limodzi. Chaka chonse cha 2024 sheya yomweyo inali pansi pa madola atatu. Amene anadyapo ndi amene anali kale m'kati n'kugulitsa m'maola ochepa amenewo. Munthu amene ali pantchito yonyamula makatoni, foni ili m'loka mpaka nthawi yoweruka, mpata umenewo umamudutsa.

Tsopano funso lenileni: kodi anthu amenewa angagwetse kampani? Kampani yaikulu yopanga phindu saigwetsa. Yaing'ono amatha kuivulaza ndithu, ndipo pano ndikufuna tikhalitsepo.

Inu mukudziwa kusiyana kwa msika wa Kwachena ku Tete ndi kamsika ka kumudzi. Lole imodzi ya mbatatesi ikafika ku Kwachena mtengo sugwedezeka, ogula ndi ambiri. Lole yomweyo itatsitsa pa kamsika ka kwanu, pofika masana mukugulitsa mongotaya. Masheya a makampani aang'ono a chamba amagulitsidwa pa timisika totere, monga Canadian Securities Exchange kapena misika ya m'mbali ya ku America, kumene ogula patsiku ndi owerengeka. Munthu mmodzi wa ndalama akakhuthula masheya obwereka, mtengo umatsika msanga. Ena akaona kutsikako amachita mantha n'kugulitsa awo. Amene anagula ndi ngongole amakakamizidwa kugulitsa. Mtengo umatsikanso.

Kutsika kokhako sikukanapha kampani ikanakhala kuti imadzidyetsa yokha. Golosale yopanga phindu ilibe nazo ntchito kuti anthu akuiyerekeza mtengo wanji, mawa itsegula ndithu. Vuto la makampani ambiri a chamba ndi lakuti sanayambe apangapo phindu lokhazikika. Malipiro a antchito, magetsi a m'nyumba zolimiramo, alonda, zonsezi amalipira ndi ndalama yochokera kogulitsa masheya atsopano. Mabanki akuluakulu, makamaka a ku America, akhala akuwakana ngongole kwa zaka zambiri chifukwa lamulo la boma lalikulu la dzikolo linkaika chamba m'gulu la mankhwala oletsedwa kotheratu, ngakhale zigawo zina zinaloleza. Ndiye taonani masamu ake. Kampani ikufuna madola 10 miliyoni kuti ifike kumapeto kwa chaka. Sheya ikakhala pa madola awiri, isindikiza masheya 5 miliyoni. Sheya ikagwa kufika pa masenti 20, iyenera kusindikiza 50 miliyoni kuti ipeze ndalama yomweyo. Gawo lanu m'kampanimo limachepa ulendo uliwonse. Zili ngati thobwa la m'chidebe chimodzi limene akungothiramo madzi pofuna kuti makapu achuluke. Kapu yanu ikadali yodzadza, koma zimene zili m'katimo si zimene munalipira.

Palinso ngongole ina yoipa kwambiri imene makampani osowa pogwira amatenga. Wobwereketsa amati, mukalephera kundibwezera ndalama mudzandipatsa masheya pa mtengo wotsikirapo kuposa wa pamsika. Akatero, iye yemweyo amatha kubwereka masheya a kampaniyo n'kugulitsiratu, podziwa kuti adzabweza ndi amene adzapatsidwe. Mtengo ukamatsika, masheya amene adzalandire amachuluka. Katapila wa kwathu kuno amakulanda mbuzi, uyu amadya kampani yonse pang'onopang'ono, eni masheya aang'ono ali chiyang'anire. Koma dziwani kuti pepala la ngongoleyo amasayina ndi akuluakulu a kampani, si munthu wakunja.

Masheya akachuluka mpaka imodzi kutsika kufika pa timasenti, amawaphatikiza kuti mtengo uoneke ngati wabwerera. Aurora Cannabis, imene sinali yaing'ono n'komwe, inaphatikiza masheya 12 kukhala imodzi mu May 2020, kenako 10 kukhala imodzi mu February 2024. Amene anali ndi masheya 120 anatsala ndi imodzi. Canopy Growth nayo inaphatikiza 10 kukhala imodzi mu December 2023. Ndatchula zimenezi chifukwa mwana wanu akamayang'ana mtengo pafoni akhoza kuganiza kuti ukangobwerera pamene unali ndiye kuti ndalama yabwerera, pomwe chiwerengero cha masheya chinasintha kalekale.

Mwafunsa ngati si kuba. Ine maganizo anga ndi awa. Kubwereka, kugulitsa ndi kubweza si kuba, ndipo malamulo a ku Canada, America ndi South Africa amalola. Nthawi zina anthu amenewa ndi amene amavundukula zimene akuluakulu a kampani akubisa, chifukwa iwo amapindula akapeza chowola. Pa 3 December 2018, Gabriel Grego wa Quintessential Capital Management pamodzi ndi a Hindenburg Research anatulutsa lipoti lonena kuti kampani ya chamba ya Aphria inagula katundu ku Jamaica, Colombia ndi Argentina pa mtengo wokwera mopitirira, mopindulitsa anthu a m'kati. Tsiku lomwelo masheya anagwa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi. Mwezi wotsatira mkulu wa kampaniyo, Vic Neufeld, analengeza kuti akutula pansi udindo. Komiti yofufuza imene kampani inakhazikitsa inapeza kuti katunduyo analipodi ndipo mtengo wake sunatuluke m'malire ovomerezeka, komabe inapezanso kuti ena mwa akuluakulu anali ndi zokonda zawo pa malondawo zimene sanaulule mokwanira. Choncho lipotilo silinalondole zonse, koma silinalinso bodza lokhalokha. Amene anali ndi masheya anavulala, inde. Koma kodi wowavulaza ndi amene anakuwa, kapena amene anabisa?

Kuba kumayamba pamene wina afalitsa nkhani mwachinyengo kuti mtengo ugwe iye atagulitsiratu, kapena pamene wolemba lipoti ndi wa ndalama apangana m'seri. Zimenezi ziliko. Mu June 2024 bungwe loyang'anira misika ya masheya ku America, la SEC, linalipiritsa kampani ya Anson Funds madola 2.25 miliyoni chifukwa chosaulula mgwirizano wake ndi wolemba malipoti ogwetsa masheya, ndipo imodzi mwa makampani okhudzidwa inali ya chamba yotchedwa Namaste Technologies. Mwezi wotsatira Andrew Left wa Citron Research, amene analembapo zowawa za Namaste ndi Cronos Group mu 2018, anaimbidwa mlandu wonyenga msika, iye n'kuukana. Ndiye mwana wanu akamati pali anthu osewera ndi mitengo, musamutsutse. Chimene ndikukana ine ndi chakuti iwowo ndiwo muzu wa vuto.

Muzu wake mlimi aliyense wa fodya ku Angónia ndi ku Macanga amaudziwa. Canada italoleza chamba pa 17 October 2018, makampani anamanga nyumba zolimiramo zazikulu ngati mabwalo a mpira ambiri kuphatikiza, aliyense akuganiza kuti msika wonse udzakhala wake. Chamba chinachuluka kuposa ogula. Mtengo unagwa, china chinaola m'nkhokwe mpaka kuchiwononga. Boma limadula msonkho wa dola imodzi ya ku Canada pa galamu iliyonse, kapena 10 peresenti ngati imeneyo ndiyo yokulirapo, ndiye mtengo ukatsika msonkhowo umadya gawo lalikulu la zimene kampani yapeza. Ogulitsa mozemba nawo sanasiye, ndipo iwo salipira msonkho. Ena anadzigwetsa okha: CannTrust inapezeka mu July 2019 ikulima m'zipinda zopanda chilolezo ku Pelham, m'chigawo cha Ontario, boma linaimitsa laisensi yake, ndipo pofika March 2020 inali kukhoti kupempha chitetezo kwa amene inali nawo ngongole. MedMen ya ku America, imene masitolo ake ankawala ngati ogulitsa mafoni odula, inagwa mu 2024. Fisi amazungulira khola limene muli mbuzi yodwala. Kumuthamangitsa n'koyenera, koma mbuziyo sichira chifukwa fisi wathawa.

Dzina la kampani ya mwana wanu simunanditchulire, ndiye ntchito iyi muipereke kwa iye. Makampani a pamsika amakakamizidwa kusindikiza malipoti a chuma chawo, ndipo aliyense angawerenge ulere pa intaneti. Apeze kuti masheya onse a kampaniyo anali angati chaka chimene anagula, ndipo lero ndi angati. Ngati achuluka kawiri kapena katatu, wathira madzi m'thobwa ndi kampani yomweyo. Apezenso ndalama imene kampani ili nayo kubanki, ayerekeze ndi imene imawononga pa miyezi itatu iliyonse, aone kuti ikwanira mpaka liti. Inu mumachita masamu omwewa pa ulendo uliwonse wa ku Tete: mtengo wopikulira, thiransipoti, onyamula, msonkho wa pamsika, zowola, kenako chotsala. Akuwerengereni manambalawo pafoni pang'onopang'ono, mudzamva nokha ngati ili geni kapena ayi. Akakuuzani kuti manambala alibe ntchito, chofunika ndi tsiku lopanikiza ma short seller, dziwani kuti zasanduka juga.

Mumufunsenso mwaulemu kuti akauntiyo ili m'dzina la ndani, ndipo akutumizireni chithunzi chosonyeza kuti masheyawo ndi angati. Sikumukayikira ayi. Moyo wa ku Joni mukuudziwa, munthu amadwala, foni imabedwa, mapepala amatha. Ndi bwino pakhale cholembedwa chosonyeza gawo lanu.

Za 7,000 yotsalayo, kugulitsa kapena kusunga, mugwirizane awiri mutaona manambala aja. Ine ndikanakhala inu, ndikapeza kuti kampani ikungokhalira kusindikiza masheya, ndikanatenga yotsalayo. Imagulabe malata angapo. Ndipo ngati mtima wanu ukufunabe masheya, yambani ndi chinthu chimene mungachione. Mu 2019, HCB, kampani ya magetsi ya damu la Cahora Bassa, itagulitsa masheya kwa anthu a dziko lino pa 3 meticais imodzi, ndinaima pamzere kubanki mumzinda wa Tete pamodzi ndi aphunzitsi, anamwino ndi amayi a geni ngati inu. Sindikunena kuti masheya amenewo sangatsike, amatsika ndithu, ndipo pa msika wa masheya wa dziko lino, Bolsa de Valores de Moçambique, ogula ndi ochepa moti kugulitsa kumafuna kudekha. Koma damu lili pa Songo, magetsi amapita ku South Africa tsiku lililonse, ndipo kampani imagawa phindu kwa eni masheya. Ndikafuna kufunsa kanthu ndimakwera chapa kupita kubanki kumene ndinagulira, n'kulankhula ndi munthu maso ndi maso.

Mnyamatayo musamukalipire pagulu kapena kumunena kwa abale. Ndalama yake nayenso yapita, ndipo ndikukhulupirira kuti chimene chikumuchititsa kupempha ina ndi manyazi, akufuna abweze ya mayi ake msanga. Mumuuze kuti malatawo mudzagula pang'onopang'ono ndi geni, asadzipanikize. Akamva zimenezo kuchokera pakamwa panu, adzasiya kuthamangitsa tsiku la mwayi lija.

*

Akulu,

Ndimalima fodya ku Furancungo. Anzathu a ku Malawi tikumva kuti analoledwa kulima chamba. Wina wabwera kuno akuti akulemba mayina a alimi, aliyense apereke 1,500 ya fomu, kampani yakunja idzatipatsa mbewu n'kudzagula zokolola. Ndilembetse?

Mlimi, Furancungo

Achimwene,

Ndalama yanu isatuluke m'thumba. Ku Malawi nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la chamba mu February 2020, koma ndi chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale chokha, ndipo wolima amayenera kukhala ndi laisensi yochokera ku bungwe loyang'anira za chamba la Cannabis Regulatory Authority. Laisensi imeneyo mphamvu yake imathera pa malire, pa Calomue kapena pa Zobue siidutsa. Kuno kwathu ku Mozambique lamulo la Lei 3/97 limaletsa kulima, kusunga ndi kugulitsa suruma (chamba), ndipo apolisi akapeza mbewuyo m'munda mwanu, womangidwa ndinu, wa mafomu uja adzakhala atapita kale. Mumufunse kalata ya boma yomuloleza, mupite nayo ku ofesi ya zaulimi ya boma la Macanga, ku SDAE, akaione. Muwauzenso amfumu kuti m'mudzi mwalowa munthu wotolera ndalama, asanafike kwa amayi amasiye ndi okalamba amene sangathe kufunsa mafunso amenewa.